Ulaya Wathu wa ku Mawira

Lolemba

M'mawa, ku ofesi.

A Sitela abwerako ku Ulaya. Ntchito lero palibe. Tonse taunjikana pa foni yawo ngati nkhuku pa madeya.

Anapitira msonkhano, koma zithunzi za msonkhanowo ndi ziwiri zokha. Zina zonse: a Sitela pa mlatho, a Sitela patsogolo pa tchalitchi, a Sitela ndi mbale ya supu wofiira, a Sitela m'madzi. Mzindawo akuti ndi Budapesiti. Madzi otentha amatumphuka okha pansi, anthu anamangapo chinyumba chonga cha bishopu, ndiye amangokhalamo. Osachapa, osatsuka mbale, ngakhale kudzikhula komwe ayi. Kungokhala basi, ngati mbatata mumphika!

"Thupi limachita kukuthokoza," akutero a Sitela. Sabata imodzi yokha kunja, koma "Balaka" ayamba kumutchula ngati ali ndi chingamu mkamwa.

Anzanga maso ali pa kachovala ka a Sitela. Ine ndaona china. Kumbuyo kwawo mu vidiyomo muli nkhalamba ya dazi, madzi m'khosi, ikuitana mkazi wake: "Magida!" Gogo wa imvi mbuu akutembenuka, akuseka. Ndabwereka foni, ndaonera kanayi.

Amuitana dzina. Pagulu. Pa msinkhu umenewo!

Masana.

Ndawerenga zala. Chisomo wathu ali ndi zaka 23. Ndiye kuti kwa zaka 23 bambo ake sananditchulepo dzina. Kuchipatala ndinalowa ndi dzina, ndinatuluka ndili "amake Chisomo". Ku ofesi kuno ndine "a sekilitale". Kutchalitchi ndine "amayi a kwaya". Kwa apongozi ndine "inu". Amene ankalitchulabe anali mayi anga okha, ndipo tinawaika m'manda chaka chatha. Chichokereni iwo, dzina langa ndimalimva pa mzere wa kuchipatala pokha, wina akulikuwa molakwika.

Zikundiwawa. Sindimadziwa kuti zikundiwawa mpaka lero.

Madzulo.

Ulaya ndi kutali, koma madzi otentha nafenso Mulungu sanatimane. Ku Liwonde kuli Mawira! Pa minibasi ola silikwana. Julaye uno akuzizira, nthunzi ikhalapo ndithu.

Pulani:

1. Loweruka, ine ndi bambo a Chisomo. AWIRI.
2. Kuima pa mlatho wa Shire, kuona mvuu, kujambulitsa.
3. Kukhala m'madzi otentha, osachapa kanthu.
4. Lesitilanti ya nsalu patebulo. Munthu andifunse ineyo kuti, "Mudya chiyani?"
5. Kugona konko ku resitihausi, kubwerako Lamulungu.
6. Kumalo kopanda otidziwa, m'kati mwa nthunzi, mwamuna ameneyu alitchule yekha dzina langa. Sindimupempha. Lopempha silikoma.

Ndawauza 1 mpaka 5. Bambo a Chisomo ndi mphunzitsi wa masamu, mawu awo pa tsiku sapitirira makumi awiri, ndipo theka amalankhula ndi nkhunda zawo. Atsitsa wailesi.

"Ku Liwonde kwagwanji? Watisiya ndani?" Palibe. "Akudwala ndani?" Palibe. "Ukwati?" Iyayi, tikungopita kukasamba.

Andiyang'ana. Ayang'ana bafa yathu kuseli. Andiyang'ananso. "Chabwino, amake Chisomo."

Avomera! Munthu amene ulendo wake wautali ndi wa kukhola la nkhunda!

Lachiwiri

M'mawa.

Ndazemba ku ofesi, ndathamangira pa kaunjika. Ndikufuna chovala chosambira chonga cha a Sitela. Ndafukula belo lonse. Ndachipeza: chakuda, cha maluwa achikasu, nsalu yake yosakwana ndi duku lomwe.

Mayi wogulitsa: "Ndi cha mwana wa zaka zingati?"

Changa.

Wangoti kukamwa yasa. Kenako wandikulungira m'nyuzi ziwiri, ngati ndagula mankhwala a chikondi.

Ndachibisa m'chikwama pansi pa buku la nyimbo. Ambuye andikhululukire.

Masana.

Kabaza wanga wa masiku onse lero akupalasa ngati wanyamula mazira. Akuzemba kabampu kalikonse. Potsika wandigwira chigongono.

"Pepani ndi miyendoyo, mayi. Tamva."

Mwamva chiyani?

Nkhani yake ndi iyi. Bambo a Chisomo apempha kwa ahedi kuti Loweruka asadzaphunzitse kalasi ya mayeso. Ahedi afunsa chifukwa. Iwo, posunga mawu, angoti, "Ndikuperekeza amayi kukasamba ku Mawira." Akazi a ahedi amagulitsa tomato pamsika. Basi, zatha.

Kuno munthu sayenda ulendo wopanda maliro, ukwati kapena matenda. Maliro palibe, ukwati palibe. Chatsala ndi matenda. Msika wagawikana pawiri: ena akuti nyamakazi, ena akuti ndikukachotsa minyama.

Madzulo.

Ndakhoma chitseko, ndayesa chovala chija. Kalilole wathu ndi wamng'ono, amaonetsa munthu chigawo chigawo. Ndikumuthokoza kalilole.

Kenako odi pa mpanda. Abiti Jafali, neba wanga wa ku Nselema, wa mandasi uja. Iwo za matenda alibe nazo ntchito, mutu wawo ndi wa bizinesi.

"Madzi otentha aulele, achemwali? Opanda nkhuni? Opanda makala?"

Abwerera m'nyumba. Atuluka ndi mabulangete awiri. "Mungowaviika basi, simuvutika. Sikomo kwejinji."

Ndikana bwanji? Pa maliro a mayi anga ndi amene anagona pambali panga masiku atatu, naphika mpaka manja kupsa.

Nambala 3 yakonzedwa: osachapa kanthu, kupatula mabulangete awiri.

Awiri ndi ochepa. Mtima uli m'malo.

Lachitatu

Masana.

A Sitela lero akufotokoza za lesitilanti. Akuti mafoloko anali atatu, woperekera zakudya anawakokera mpando, ndipo munthu ankaimba limba pakona. Ine ndikuyeserera pa desiki kugwira foloko kumanzere, ndi bolopeni. Abwana andipeza, ndanama kuti dzanja lachita dzanzi.

"Tamva," atero abwana. "Mukafuna kuweruka msanga, werukani."

Ndaweruka msanga. Matenda amenewa ali ndi ubwino wake.

Madzulo.

Pakhomo panga pali nsapato mapeyala khumi ndi limodzi. Mphakati wathu wonse uli pabalaza! A tcheyamani, akazi awo, a kwaya anayi, ndi ena oti ku mphakati sindinawaoneko chiyambireni chaka.

Adzapempherera miyendo yanga.

Ndikuti sindikudwala. A tcheyamani akugwedeza mutu mwachisoni. "Odwala enieni amatero."

Andikhazika pakati. Nyimbo zitatu, kolona, mawu olimbikitsa. Ndamva ndekha mbiri ya matenda anga: akuti anayamba kalekale, kungoti ndine mayi wopirira. Mpaka misozi yandilengeza, ndadzimvera chisoni.

Bambo a Chisomo ali pakona, maso ali pansi. Osatsutsa ngakhale liwu limodzi! Mwina nawonso ayamba kukhulupirira.

Atatha amen aliyense ali phee, akudikira. Ndazindikira: tiyi. Ndadzuka kupita kukhitchini.

"Taonani, ayamba kale kuyenda!"

Nthungululu m'nyumba mwanga. Shuga wa sabata yonse wapita, ndi buledi yemwe.

Atapita.

Bambo a Chisomo akhosomola. Akakhosomola ndiye kuti kukubwera chiganizo chathunthu.

"Za resitihausi zija. Mphunzitsi wa zaka zanga, kulowa mu resitihausi ndi mzimayi?"

Mzimayiyo ndine!

"Inu ndi ine tikudziwa zimenezo. Wa pakauntala akudziwa?"

Ndati titenge setifiketi ya ukwati. Aganiza ndithu, nthawi yaitali, maso ali pakhoma pamene tinaipachika. Kenako akuti msomali wake unalowa kwambiri.

Nambala 5 ndaikhwatcha. Palibe kanthu. Dzina salitchulira pa bedi la eni, alitchulira m'madzi.

Lachinayi

M'mawa.

Nzeru yandibwerera ndikutsuka mano. Ndiwakonzekeretse. Ndikasiya kuyankha "amake Chisomo", asowa pogwira, agwira dzina.

Sitiraka yayamba 6 koloko.

"Amake Chisomo, masokosi." Ndili chete.

"Amake Chisomo?" Ndikusesa.

"Amake Chisomo!" Ndikuimba ka nyimbo chamumtima. Likubwera, likubwera!

Abwera iwo. Aima patsogolo panga, aika manja kukamwa ngati akuitana bwato: "A-MA-KE CHI-SO-MO! MA-SO-KO-SI!"

Kenako atuluka panja ndi foni. Ndikuwamva bwinobwino, poti makutu anga ndi abwino kuposa awo: "Amayi, zakula. Matenda aja afika m'makutu."

Mayo ine!

Masana.

Ndabwera kudzadya, ndapeza kabaza awiri pakhomo. Woyamba wanyamula apongozi anga, kuchokera ku Phalula. Wachiwiri wanyamula thumba la zovala, ndodo, ndi tambala wamoyo.

Apongozi nyamakazi ndi yeniyeni. Atsika akubuula.

"Ine bondo langa lalira zaka zisanu, wondiitana ku Mawira palibe. Wina wangodwala dzana, ulendo wakonzeka kale!"

Akundilankhula mokuwa, kukamwa pafupi ndi khutu langa. Ndikayankha akuuza mwana wawo kuti, "Akuwerenga milomo."

AWIRI uja ndamufufuta. Ndalemba ATATU. Bolopeni yaboola pepala.

Madzulo.

Ndayesa kupulumutsa nambala 4. Ndati amayi, tikakudyetsani ku lesitilanti, mukakhala pampando, akakufunsani chimene mtima wanu ukufuna.

"Ku lesitilanti kumadya madalaivala ndi amuna othamangitsidwa pakhomo. Mwana wanga wathamangitsidwa?"

Iyayi.

"Nanga tambalayu ndamunyamuliranji?"

Tambala aphedwa mawa. Mpunga uphikidwa. Tinyamula m'mapoto. Wophika ndani? Wodwala uja.

Nambala 4, pita bwino. Foloko ya kumanzere ndinali nditaizolowera kale.

Walira mvula walira matope. Koma ine ndinalira kamvula kowaza, awa ndi matope a dambo lonse.

Lachisanu

M'mawa.

Ndatsegula chitseko, pakhonde pali phiri. Abiti Jafali auza kasitomala aliyense wa mandasi za madzi aulele.

Kalembera:

Abiti Jafali, mabulangete atatu (lachitatu akuti linaiwalika).
Akazi a tcheyamani, awiri.
Akazi a ahedi, atatu, ndi makatani a pabalaza.
Apongozi, limodzi, lolemera ngati ng'ombe yakufa.
Mayi wina woti sindikumudziwa n'komwe, awiri. Wangosiya ndi kapepala: "Mulungu akuchizeni."
Kwaya, mikanjo yonse.
Athu, atatu. Bambo a Chisomo akuti poti tikupita kale.

Mabulangete khumi ndi anayi! Anthu omwe dzana amandipempherera kuti ndiyende, lero andipatsa katundu woti bulu angakane.

Masana.

Kondakitala wa minibasi wabwera kudzaona. Wazungulira phirilo kawiri, waseka, wapita.

A tcheyamani apeza njira: mkhristu wina ali ndi lole yotuta njerwa, Loweruka ilibe ntchito. Ndiye poti lole ikupita, ndi tchimo kuti ipite yopanda anthu. Akulemba maina. Pofika 3 koloko tili 17.

ATATU ndamufufutanso. Sindilembanso nambala, pepala latha mphamvu.

Chisomo waimba kuchokera ku Blantyre, akulira. "Amayi, akuti simukumva?"

Nanga ndikukuyankha ndi chiyani, mphuno?

Waseka mpaka kutsamwa. Ndamufotokozera zonse, kupatula nambala 6. Ndinafuna kumuuza. Koma ungamuuze bwanji mwana kuti tsiku limene iye analandira dzina ndi limene langa linasowa? Si mlandu wake. Potsazika wati, "Koma amake Chisomo inu, muli ndi zanu!"

Naye mwana yemwe.

Madzulo.

Tambala wapsa, mpunga wapsa, msana wanga wapsa.

Ndalowa kuchipinda, ndapeza apongozi atanyamula chovala changa chosambira m'mwamba, akuchikoka uku ndi uku. Amafuna buku la nyimbo m'chikwama changa.

Ndauma.

"Ichi ndiye chomangira nyamakazi chija amapereka kuchipatala?"

Ndayang'ana kumwamba, thandizo silinabwere. Ndati eya.

"Chikukoka bwino. Inu mwayamba kale kuyenda. Mawa ndivala ine."

Achiika pansi pa pilo wawo.

Zatsala: nambala 2, nambala 3 (ili chigonere), ndi nambala 6. Nambala 6 palibe angaigwire, poti palibe akuidziwa.

Loweruka

Mamawa.

Lole yafika. Fumbi la njerwa lili tho. Apongozi kutsogolo ndi dalaivala. Bambo a Chisomo kutsogolonso, kuti agwirizize bondo la amayi awo. Ine kumbuyo, pakati pa mabulangete, poto wa nkhuku pamiyendo. Andifunditsa mpaka m'maso kuti wodwala asapitidwe mphepo.

Kwaya yayamba nyimbo tisanatuluke m'tauni.

Pa mlatho.

Ndikudziwa kuti tadutsa pa mlatho chifukwa phokoso la matayala lasintha. Pamene ndikuvundukula bulangete, Shire ali kale kumbuyo. Dalaivala akuti pa mlatho saimapo.

Apongozi aona mvuu ziwiri ndi mwana wake. Akhala akufotokoza tsiku lonse.

Ine ndaona msana wa akazi a tcheyamani. Nambala 2, tsalani.

Ku Mawira.

Nthunzi ilipo! Zoona, ikufuka, madzi akutuluka pansi otentha, kafungo ngati ka dzira. Mtima wanga wadumpha. A Sitela sananame, zinthu zimenezi zilipodi.

Ndatembenuka kuti ndiwagwire dzanja bambo a Chisomo. Mayi wina wa komweko waloza ndi mutu.

"Abambo uko kuseli kwa bango. Amayi kuno."

Ndaima ngati chitsa.

Mwana wa m'mudzi ngati ine, wokulira pamtsinje, kuiwala zimenezi! Ndi liti mwamuna ndi mkazi anasambapo dooko limodzi? Sabata yonse ndakonza minibasi, foloko, chovala, osakumbuka chinthu chimene ndinachidziwa ndisanayambe sukulu. Vidiyo ya a Sitela inandidya nzeru.

Bambo a Chisomo anyamula thaulo, alowa kuseli kwa bango ndi a tcheyamani. Osacheuka n'komwe.

Kuno kwathu kuli amayi osachepera makumi atatu, aliyense ndi beseni. Budapesiti wathu ndi dooko lochapira.

Chapakati pa m'mawa.

Bulangete lachinayi. Likanyowa limalemera ngati tchimo. A kwaya akuchapa mikanjo, akuti mabulangete anapatsidwa kwa ine, ndipo madziwa ndi mankhwala, ndikamagwira kwambiri ndichira msanga.

Apongozi avala chovala chija pamwamba pa diresi. Maluwa achikasu ali ngwee padzuwa. Akhala m'madzi mpaka m'khosi, maso atseka, duku lili pamutu. Sakuchapa, sakutsuka, sakudzikhula. Amayi a komweko akubwera kudzafunsa kuti chomangiracho chikupezeka chipatala chiti.

"Thupi likuchita kundithokoza," akutero.

Mawu omwewo a a Sitela! Ndiye kuti ku Ulaya wafikako ndi mayi wa ku Phalula.

Masana.

Ndikulemba ndili pansi pa mtengo. Ndilembe msanga ndisanaiwale kanthu.

Ndinali pa bulangete lachisanu ndi chinayi, la apongozi lija. Kuseli kwa bango kwamveka mawu:

"Amake Chisomo!"

Amayi anayi ayankha pamodzi: "Wee!"

Anayi! Kani Chisomo ndi dzina la dziko lonse. Ine sindinayankhe. Ndinali nditakwiya, ndiponso ndine wogontha, si choncho?

"AMAKE CHISOMO!"

"Wee!" anayi aja.

"Ndaiwala sopo!"

Mmodzi wa iwo, chimayi cha komweko cha manja ngati mitanda, chadzuka. "Ndi bambo a kwathu amenewo, amaiwala chilichonse." Chatenga sopo, chikulunjika ku bango, chikupatula ndi dzanja.

Kuseliko madzi achita phuvu! A tcheyamani akukuwa. Kenako mawu a mwamuna wanga, okwera ngati a mnyamata, mawu amene sindinawamve chiyambireni kukalamba kwathu.

Atchula dzina langa.

Lonse. Monga analitchulira tsiku loyamba pa siteshoni ya sitima ku Balaka, ine ndili ndi dengu la malalanje. Sindililemba pano, ndi langa.

Sindinayankhe. Si mwano ayi. Ndacheuka kumbuyo kufuna mayi anga, chifukwa ndi iwo okha amene amaitana choncho. Kumbuyoko kunali beseni ndi nthunzi basi. Ndangokhala pansi m'madzi ndi chitenje chomwe.

Alitchulanso kachiwiri. Kenako: "Sopo! Bweretsani inuyo! Inuyo!"

Apongozi atsegula diso limodzi. "Ndi mwana wa yani wopanda mwambo ameneyo, wotchula mkazi dzina ngati akuitana mwana wa sukulu?"

Wanu, amayi.

Atseka diso. "Madziwa akuzunguza anthu mitu."

Sopo ndaponya pamwamba pa bango. Wamenya a tcheyamani. Nkhope yanga inali yonyowa, koma pamalo ngati pano palibe amafunsa.

Chakudya.

Pansi pa mtengo, anthu 17, tambala mmodzi. Ine ndi chipande m'manja, ndikuzungulira: "Mudya chiyani, chiwalo kapena phiko?"

Funso lija lafunsidwa ndithu. Kungoti wofunsa ndine.

Ine zanditsalira zipalapasiro ndi khosi. Bambo a Chisomo akudya atayang'ana kumbali, makutu ali psuu ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

Pobwerera mabulangete onyowa andikhalira pamiyendo. Tsopano miyendo ikuwawadi.

Lamulungu

M'mawa.

Manja asupuka. Msana sukuwongoka. Kutchalitchi ndapita ndikutsimphina, koyamba sabata ino, ndipo palibe wandipepesa. Onse akudziwa kuti ndinachira dzulo.

Pa zolengeza: mphakati wathu uzipita ku Mawira mwezi ndi mwezi. Wotsogolera ulendo, poti ndi amene anayambitsa, amake Chisomo. Anthu aomba m'manja.

Apongozi akuyenda opanda ndodo. Akuti sabwerera ku Phalula mpaka ulendo wachiwiri. Chomangira chija achapa, achiyanika pa chingwe cha kutsogolo, pamsewu penipeni.

Abiti Jafali abweretsa mandasi asanu. Anunkhiza bulangete lawo. "Mwezi wamawa ndikupatsani ndi makapeti."

Masana.

Pulani ija ndaiyang'ananso. 1, 2, 3, 4, 5, zonse mizere. Mawa a Sitela akandifunsa zithunzi, ndiwaonetsa zikhatho.

Ndapita kukhola la nkhunda. Bambo a Chisomo akuwaza mapira. Ndinalumbira kuti sindipempha, ndipo sindinapemphe. Ndangoti: kani mukulikumbuka?

Akhosomola.

"Sindinaliiwale. Ndinalisunga. Bambo anga ankati mkazi akakuberekera mwana, kumutchula dzina ndi kumupeputsa. Ine ndimayesa ndikukulemekezani."

Ndati chimwalirireni amayi palibe amalitchula.

Awaza mapira, awazanso, mpaka nkhunda zakhuta zasiya, iwo akuwazabe.

Zaka 23 ine ndikuyesa andiiwala, iwo akuyesa akundipatsa ulemu. Nyumba imodzi, bulangete limodzi.

Madzulo.

Ndili pakhonde, miyendo m'beseni la madzi ofunda. Ndawatenthetsa ndekha, pa makala anga. Budapesiti wa anthu osauka.

Abwera, akhala pa mpando wawo. Wailesi sanayatse. Ayang'ana kumanja, ayang'ana kumanzere, ngati akufuna kuwoloka msewu waukulu pa Phalula. Akhosomola. Atsegula pakamwa, motsitsa, ayamba dzina langa.

Afika pakati.

M'nyumba apongozi ayetsemula.

"...amake Chisomo, tiyi alipo?"

Alipo.

Sindikudandaula. Munthu wa zaka 23 za chizolowezi sawongoka ndi kusamba kumodzi, ndipo apongozi sachoka msanga. La dzulo linali lathunthu, koma linali la sopo. La lero ndi theka, koma analitchulira ine.

Madzi m'beseni azizira. Ndikukaika tiyi pamoto.